Chimene Ayuda Anakwirira pa Mtondo

Mtembo unagona chafufumimba, mutu uli m'mphepete mwa dzenje, mapazi ataloza kukhomo. Nthawi inali 7:20 m'mawa wa Lolemba pamene Salome Chikuse, wapolisi wofufuza milandu wa pa boma la Salima, anafika pamalopo. Sanathamangire wakufayo. Wakufa sathawa. Anayamba ndi chitseko, ndipo loko anamupeza ali bwinobwino, wongotsegulidwa, wopanda ndi pokandika pomwe.

"A Dzimbiri, anthuwa abwerere m'mbuyo. Akuona ngati ndi ukwati?"

Sajeni Jameson Dzimbiri, bambo wa imvi ndi bondo lovuta, anatuluka akutsimphina kukakankha khamulo.

Nyumbayo ndi ya njerwa zootcha, yaitali ngati tchalitchi koma yopanda mtanda, ili pakamtunda pamwamba pa doko la Mtondo, ku dera la Maganga. Anthu amangoti kwa Ayuda. Pamwamba pa khomo, pansi pa laimu wa zaka zambiri, pamaonekabe nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi. M'katimo munali matumba a mpunga osanjikizana mpaka kudenga, osakhudzidwa ndi limodzi lomwe. Wakuba wanji wosiya mpunga wa kilombero?

Ku khoma la kumpoto kunali kamphako konga kabati yopanda zitseko. Pansi pake wina anali ataphwanya simenti n'kukumba dzenje lofika m'mawondo. Kuzungulira dzenjelo anawaza ufa, ndipo pa ufapo panali nthenga za nkhuku yoyera. Pambali panali bokosi lachitsulo, ladzimbiri, lotsegula, lopanda kanthu, likununkha chinyontho.

Salome ananjuta. Wakufayo anali nkhalamba yowonda, yovala jekete ngakhale kunja kunkatentha chonchi. Bala linali limodzi, pamwamba pa khutu lakumanzere. Magazi anali atauma, nyerere zitalambula kale msewu wawo. Uyu sanafe lero, anafa dzulo masana. M'dzanja lamanja munali kanthu. Salome anatambasula zala zoumazo chimodzichimodzi n'kutulutsa kachidutswa ka pepala kofiirira, kokhala ndi zilembo zakuda zimene sanazionepo chibadwire.

Apa m'pamene analakwitsa, munthu wa zaka makumi awiri ndi zitatu pa ntchito. Anakakweza kapepalako m'mwamba kuti akaone bwino pa kuwala kwa windo. Pawindopo panali mitu ya anthu osuzumira.

"Chiarabu!" anakuwa wina kunjako. "Afa atagwira Chiarabu! Ndi a Omari basi!"

Mawuwo anatsetsereka kukafika kudoko Salome asanaimirire n'komwe.

Amene anapeza mtembowo anali mayi Rosemary Nsona, wapampando wa gulu la alimi a mpunga limene limasunga zokolola m'nyumbamo. Salome anawakhazika pa thumba.

"Ndi a Yakobo Mlenga, alonda athu," anatero mayiwo. "Kunena zoona ife sitinawalembe ntchito. Tinangowapeza pano monga tinapezera malatawa."

"Makiyi amasunga ndani?"

"Ena ine, ena iwo. Angawa sachoka m'chiuno mwanga."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Ku mpira, ngati mudzi wonse. Kunali fainolo pa bwalo la sukulu. Ngakhale agalu anali komweko."

"Nyumbayi eni ake ndani kwenikweni?"

"Mukandifunsa ine ndi ya mileme. Anamanga ndi Ayuda, mabanja asanu kaya asanu ndi limodzi, othawa nkhondo ya kwa azungu. Ankagula thonje kuno. Muno ankapemphereramo Loweruka, sunagoge, ngati za m'Baibulo zija. Amayi awo a malemuwa ankawaphikira, n'chifukwa chake dzina la Yakobo. Eni ake atachoka, ufulu usanabwere, munalowa thonje. Kenako sitandade wani, ine ndinaphunzirira momwemuno kulemba pansi ndi chala. Chaka cha kolera munagona odwala. Kunabwera abusa ena a magitala, anathawa ndi mkazi wa mwini. Kenako vidiyo ya karate. Tsopano ndife. Onsewa a Yakobo ankawasesera n'kumawauza mawu amodzimodzi: chitani zanu zonse, koma pansi pa kamphako apo musaikepo katundu."

"Chifukwa?"

"Akuti pagona mabuku." Mayi Nsona anapotoza pakamwa. "Mabuku! Mzungu angakwirire mabuku, mayi?"

"Nanga a Omari akutchulidwa kunjaku?"

"Ogulitsa nsomba, mlembi wa kumzikiti. Amafuna nyumbayi ikhale madrasa ya ana. Akuti kamphako kaloza kumpoto, komwe iwo amayang'ana poswali, ndiye kuti poyamba unali mzikiti. Lachisanu anakangana ndi malemuwa pamsika. Ndinamva ndi makutu angawa: mudzafera m'nyumba yomweyo, madala."

Nthawi ya 9:05 Salome anafika kunyumba ya Omari. Anyamata anali atafika kale, galasi la windo lili pansi. Patsogolo pa gululo panali bambo wa zaka ngati makumi anayi, maso ali psuu, chipewa cha njinga yamoto chili m'manja. Jameson ananong'oneza kuti ameneyo ndi Mcdonald, wakabaza, mkamwini wa malemu.

"Apongozi anga afa ngati galu!" anakuwa Mcdonald. "Mutengeni, bwana, kamudyetseni nyemba zanu. Koma tikaika maliro Lachitatu, pano padzatsala phulusa lokhalokha."

Salome anamulowetsa Omari m'galimoto, osati chifukwa cha umboni, koma kuti afike madzulo ali moyo. Anabwerera kukauza mkazi wake kuti asamuke kaye. Mayiyo anali atakhala pamphasa, ana anayi atamukakamira.

"Ndipite kuti nawo awa? Kwathu ndi kuno. Atiotchere momwemuno."

Salome sanataye nthawi kumunyengerera. Ankawadziwa anthu ochokera kumanda. Amabwerera makasu ali m'manja, m'mimba muli njala, mitima ili pakhosi. Anaonapo kawiri zoterezi, ndipo kawiri konseko anatolera mafupa ndi fosholo. Apolisi anayi ndi galimoto imodzi sangatseke anthu mazana atatu. Maliro anali a Lachitatu 2 koloko masana. Nthawi yake inali yomweyo basi.

M'kachipinda kofunsira anthu munali tebulo, mipando itatu ndi ntchentche. Nthawi inali 11:30 pamene Salome anayamba kumufunsa Omari.

"Munawauza kuti adzafera m'nyumba ija. Afera momwemo. Ndinu mneneri?"

"Wallahi, mayi, kunali kupsa mtima chabe. Madala aja ndi amene anandiphunzitsa kupalasa bwato."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Ndinapita kukaona ukonde kwa m'bale wanga. Sindinamupeze. Ndinayenda wapansi m'mbali mwa nyanja."

"Anakuonani ndani?"

"Akakowa."

"Akakowa sabwera kukhoti, achimwene," anatero Jameson.

Salome anaika kapepala kaja patebulo. Omari anapukuta manja pamkanjo asanakagwire. Anakayang'ana, anakatembenuza, anakayang'ananso.

"Ichi si Chiarabu. Zilembo zathu zimagwirana manja ngati ana odutsa msewu. Izi taonani, chilichonse chaima pachokha ngati chitsa. Ndipo za ufa ndi nkhuku mukunenazo, astaghafirullah! Ine ndikaswali kasanu n'kupita kukathira nsembe kwa mizimu?"

"Alipo amachita zonse ziwiri," anatero Salome. Koma mumtima anali atamuchotsa kale. Munthu wofuna nyumba saphwanya simenti yake. Vuto linali lakuti mtima wa wapolisi suzimitsa moto.

Lachiwiri m'mawa wonse unathera pa zopanda pake. Kunali anyamata awiri a ku Maganga odziwika ndi kukumba m'mabwinja a azungu kufuna zitsulo zakale. Jameson anawasaka mpaka bondo kutupa, n'kupeza kuti mmodzi wagonekedwa m'chipatala sabata yachiwiri tsopano, winayo ali ku Joni. Masana dokotala anapereka zake: a Yakobo anafa Lamulungu pakati pa 2 ndi 4 koloko, atamenyedwa kamodzi ndi mtengo wolemera, wonga mpini.

Mtembo utafika kumudzi, Salome anaitanira Tionenji, mwana yekhayo wa malemu, kuseri kwa nyumba ya siwa. Anali mayi wamfupi, mawu atasasa ndi kulira.

"Pepani ndi zovutazi. Ndiuzeni za bokosi, mwachidule."

"Bambo anali ndi zaka khumi. Akuti Ayuda aja pochoka ananyamula mabuku abwinoabwino. Ong'ambika ndi odyedwa ndi chiswe anawakulunga m'nsalu yoyera, kuwaika m'bokosi, kukumba, kupemphera, ena mpaka misozi. Maliro enieni. Atatha, mkulu wawo anawagwira bambo paphewa n'kuti, uziyang'anira. Basi. Zaka zonsezi, opanda wowatuma, opanda wowathokoza."

"Anthu ankakhulupirira?"

"Ankawaseka. Koma zinali zitaiwalika. Mwezi wa Julaye kunabwera mzimayi wa kunja, dzina lake Anna, mdzukulu wa mkulu uja. Anagwada pamalo paja n'kulira ngati wamasiye. Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse golide, golide, ngakhale kumjigo."

"Anamubweretsa ndani?"

"Amuna anga, a Mcdonald. Anamutenga pa depoti."

"Makiyi bambo anu ankasunga pati?"

"Akamagona masana ankapachika pa msomali kuseri kwa chitseko. Aliyense wa pakhomo pano akudziwa."

"Amuna anu Lamulungu anali kuti?"

"Ku mpira, ankanyamula anthu."

Mcdonald anali chapatali akuwaza nkhuni za pamaliro, malaya atavula, mkamwini wa chitsanzo. Salome anapita kukamupatsa moni wa dzanja mwadala. M'chikhatho munali matuza. Koma mkamwini pamaliro amawaza nkhuni, matuza si umboni. Anzake akabaza anati anamuona mpira ukuyamba, anamuonanso utatha. Pakatipo ndani amayang'ana mnzake timu ya kwawo ikumenya penate? Kukayikira kunalipo, koma kukayikira sungaimike nako khamu. Ukaloza mkamwini wolira popanda kanthu m'manja, wayamba kuotchedwa ndiwe.

Tionenji anali ndi nambala ya Anna. Nthawi ya 4:45 Salome anatumiza chithunzi cha kapepala kaja pa foni, kenako anaimba. Analankhulana m'Chingerezi.

"Ndi Chiheberi," anatero Anna. "Tsamba la buku la mapemphero. Kwathu pepala lolembedwa dzina la Mulungu silitayidwa kudzala, siliotchedwa. Likakalamba limaikidwa m'manda ngati munthu. Agogo analibe manda kumeneko, ndiye anakumba m'nyumbamo."

"Munalibe china? Mphete, miyala, chilichonse chogulitsika?"

"Anafika kumeneko ndi masutikesi awiri, mayi. Akanakwirira chiyani? Koma mwalipeza bwanji tsambali? A Yakobo ali bwanji?"

Salome anamuuza mosazungulira. Asanamalize n'komwe, mayunitsi anatha.

Pobwerera kugalimoto anaona zigubu zitatu pansi pa mtengo wa mango, zofunditsidwa chitenje. Sanafunike kununkhiza kuti adziwe kuti ndi petulo. Anyamata asanu anali atakhala mozizungulira, akumuyang'ana osaphethira.

Lachitatu linacha ndi tayala lophwa. Nthawi ya 8:50 galimoto inali pa omata matayala pafupi ndi depoti ya Salima, Jameson akukangana nawo. Salome anali asanaike kanthu m'kamwa kuyambira dzulo lake. Anaona mtsikana wa beseni la mandasi, mwana ali kumsana.

"Ndi a dzulo awa."

"A lero, mayi, gwirani muone kutentha."

"Ang'onoang'ono ngati mazira a njiwa. Atatu faivi handiredi."

"Iii, mukufuna mwanayu adye dothi? Awiri."

"Atatu, kapena ndipite kwa mnzakoyo."

Mtsikanayo anadandaula, koma anasankha atatu ochepetsetsa, anasolola pepala pansi pa beseni n'kukulunga. Salome analandira, analuma kamodzi, kenako maso ake anagwera pa chokulungiracho. Pepalalo linali lofiirira. Mafuta anali atalowerera m'zilembo zakuda, chilichonse choima pachokha ngati chitsa.

Anakweza beseni osapempha. Pansi pake panali mulu wa mapepala omwewo, odulidwa bwinobwino panayipanayi.

"Dzina lako?"

"Beauty. Vuto n'chiyani? Ndi aukhondo, ndinawakuntha fumbi."

Salome anaonetsa chiphaso. "Wawatenga kuti?"

Beauty anayang'ana uku ndi uku. Kenako mkwiyo unaposa mantha.

"Pansi pa bedi langa! Bambo a mwanayu anabwera Lamulungu cha m'ma 4 koloko, thukuta kamukamu, atamanga thumba pa njinga. Akuti usakhudze mpaka masiku asanu ndi awiri. Ine ndimayesa ndi nyama ya ku nkhalango ya Kuti, ndinati ionongeka. Kusuzumira, mapepala okhaokha. Ndiye ine ndizigula nyuzipepala zakale pamsika, zokwera mtengo chonchi, pansi pa bedi pali thumba lathunthu? Mwamuna wosasiya ngakhale ya sopo?"

"Dzina lake?"

"Mcdonald. Ali ndi mkazi wake kunyanja, ndikudziwa, musandilalikire."

Nyumba ya Beauty inali ya chipinda chimodzi kuseri kwa siteshoni ya sitima. Thumba linalidi pansi pa bedi. Munali mabuku opanda zikuto, masamba omatana, ndi zidutswa za nsalu imene kale inali yoyera. Pamsomali panali malaya a mizeremizere, kutsogolo kwake kuli madontho akuda.

"Anati ndi a nkhuku," anatero Beauty. "Ndinakana kuchapa. Akachapitse kwa wa ukwatiyo."

Salome anayang'ana wotchi. Inali 10:40, tayala lisanathe.

Anafika pa Mtondo 12:40. Kwaya inkaimba pabwalo, adzukulu anali atabwerako kokumba manda, bokosi la maliro lili pakhonde. Zigubu zija zinali zitasuntha. Tsopano zinali m'mbali mwa njira yochokera kumanda, pamphambano yolowera kwa Omari.

Kumumanga Mcdonald pamaso pa anthu kunali kosatheka. Akanamuteteza, kapena akanamupha pomwepo, ndipo zonse ziwiri Salome sankazifuna. Anayandikira Tionenji mwaulemu.

"Tikufuna awiri a pabanja adzasainire zinthu za malemu ku nyumba ija. Mphindi khumi zokha. Bwerani ndi amuna anu."

Jameson anali ataimika galimoto kuseri kwa sunagoge. Atatuwo atalowa, iye anatseka chitseko n'kuchitsamira. Thumba lija linali m'mphepete mwa dzenje, kukamwa kwake kuli yasa, masamba akuonekera.

Mcdonald anaima chilili. Kenako anakuwa.

"Watsegula ndani? Ndinanena kuti masiku asanu ndi awiri!"

Atamaliza m'pamene anamva zimene pakamwa pake panena. Anayang'ana kukhomo. Jameson anapukusa mutu.

"Khalani pansi, a Mcdonald," anatero Salome. "Malaya anu ali m'galimoto. Beauty wapereka kale mawu ake, mapepala anuwa ankakulungira mandasi. Ine ndilibe nthawi, maliro akudikira. Yambirani pa ufa."

"Beauty ndiye ndani?" anafunsa Tionenji.

Mcdonald anakhala pa thumba la mpunga. Anayang'ana matuza ake.

"Mzimayi uja ndinamunyamula ndine, bwana. Munthu wakwera ndege ziwiri. Ndege ziwiri, kudzalirira mapepala? Inu mungakhulupirire? Ine njinga si yanga. Nyumba ndi ya kuchikamwini. Ngakhale mpando ndimakhalirawo ndi wa apongozi. Pansi apa pagona chuma, madala akungochisesera ndi tsache. Ndinawapempha katatu, tikumbe tigawane. Akuti ndi mabuku."

"Ndiye?"

"Ndinapita kwa sing'anga wina kuseri kwa mapiri. Anandiuza kuti chuma cha azungu chimakhala ndi mizimu, chimadzibisa. Uwaze ufa, uphe nkhuku yoyera, ukumbe osalankhula. Koma wina akangokuitana dzina usanatsegule bokosi, chimasanduka."

"Makiyi?"

"Ndinatenga pa msomali iwo ali m'tulo. Mudzi wonse uli ku mpira, phokoso la piki palibe akanalimva. Ndinakumba. Bokosi ndalitulutsa, ndikulimbana ndi chivundikiro, ndingomva pakhomo, Mcdonald! Mkamwini! Kutsegula, mapepala. Anadziwa chimene akuchita madala aja. Anandiitana dala."

"Iwo anati chiyani?"

"Anati, ndinakuuzani mwana wanga, ndi mabuku. Bwezerani, sindiuza munthu. Anagwada n'kuyamba kuwasanja m'bokosimo ngati akufunditsa khanda. Mpini unali m'manja mwanga."

Salome analoza thumba lija.

"Thumba munatengeranji, poti ndi mapepala?"

"Ndinaimbira sing'anga uja. Anati poti pagwa magazi, mizimu yadya. Sungani pamdima masiku asanu ndi awiri, munthu asakhudze, chibwerera mwakale."

"Nanga a Omari anakulakwirani chiyani?"

"Anthu anayamba okha. Ine ndinangosonkhezera."

"M'nyumba muja muli ana anayi."



Tionenji sanalire, sanakuwe. Anayandikira mwamuna wake n'kumuyang'ana ngati akuyang'ana nsomba yoola imene wagula ndi ndalama zake.

"Bambo a Lilian, Lamulungu madzulo ndinakufunsani kuti bambo ali kuti. Munati mwina agona kokayang'anira mpunga. Munadya. Munapempha ndiwo zoonjezera."

Jameson anamumanga maunyolo. Akumukokera ku khomo, Mcdonald anatembenukira thumba lija.

"Bwana, Beauty wagwiritsa ntchito angati? Otsalawo musawaike padzuwa. Kwangotsala masiku anayi."

"Tulukani naye," anatero Salome. "Dzerani njira ya kumadimba, musaime ngakhale tayala liphwe."

Anadikira mpaka fumbi la galimoto litazimirira kuseri kwa minda ya mpunga. Tsopano anatsala yekha, wopanda mfuti, wopanda galimoto, ndi mayi wamfupi wamasiye pambali pake.

"Ndikalankhula ine ati apolisi adya za Asilamu," anatero Salome. "Mungathe?"

Tionenji anamanga chitenje mwamphamvu n'kutsogola.

Nthawi inali 1:35. Amuna anali atayamba kale kuyandikira bokosi la maliro. Tionenji anadutsa pakati pa azimayi, anafika pamaso pa kwaya n'kukweza dzanja. Nyimbo inaduka pakati.

"Amene wapha bambo anga ndi mwamuna wanga. Wavomera pamaso panga, apolisi apita naye. Ankafuna golide, wapeza mabuku, monga bambo ankanenera inu n'kumawaseka. Amene manja akumuyabwa kuotcha nyumba ayambe ndi yangayi. Chigawengacho chimagona momwemo."

Mwana wina analira, amake anamutseka pakamwa ndi bere. Anyamata a zigubu aja anayang'anana, kenako aliyense anapeza chochita ndi zala za kumapazi kwake. Salome anayenda yekha mpaka pamphambano, anavundukula chitenje n'kufunsa mokweza kuti katunduyu ndi wa yani. Analibe mwini. Anazinyamula yekha, ziwiri ulendo woyamba, chimodzi ulendo wachiwiri, anthu mazana atatu akumuyang'ana, n'kukazitsekera m'sunagoge. Maliro ananyamuka 2:10. Pobwerako kumanda anthu anadutsa pamphambano paja ali chete, makasu ali paphewa, ndipo palibe anakhota.

Omari anatulutsidwa m'chitolokosi 4:30.

"Nyumba ilipo?"

"Ilipo. Windo limodzi lokha."

"Ana?"

"Onse anayi. Ndawawerenga ndekha."

Omari anavala nsapato zake pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kufika kumene akupita.

"Anyamata anagula petulo aja ndikuwadziwa onse, mayi. Wina ndinamubereka kumsana kupita naye kuchipatala atalumidwa ndi njoka. Mawa m'mawa adzaima pa benchi yanga kufuna usipa. Ndidzawayang'ane bwanji?"

"Musawayang'ane. Akwezereni mtengo."

Omari sanaseke. Anafika pakhomo n'kuima.

"Petulo uja ali kuti?"

"Tamulanda. Ali m'manja mwathu."

"Kumene anamugula sanathe," anatero Omari, n'kutuluka kukafuna kabaza wopita kunyanja.